Mmene mungafukulire mbiri ya punk kuno ku Joni

Amwene, ambirife timangodutsa pa Rockey Street ku Yeoville kukagula ndiwo osadziwa kuti kale pamenepa magitala a punk, mtundu wa nyimbo za rock zothamanga, ankalira mwaukali. Yambani pa YouTube, lembani National Wake. Gululi linayamba 1978, mzungu Ivan Kadey ndi anyamata awiri apachibale a ku Soweto, Gary ndi Punka Khoza, nthawi ya apartheid pomwe kungoyimbira limodzi kunali kuputa apolisi, chimbale chawo cha 1981 chinachotsedwa pamsika boma litalusa, nyimbozo zinadzatulukanso 2013 ndi kampani ya Light in the Attic.

Kenako hardcore yeniyeniyo, punk yothamanga ndi yaukali kwambiri. Sakani Bad Brains a ku Washington ku America, akuda okhaokha, nyimbo zambiri zimatha mphindi ziwiri zisanakwane. Poyamba mumva ngati chigayo cha dizilo, ine ndinavula mahedifoni kuganiza kuti foni yafa, koma musathawe, bwerezani katatu khutu lili pa ng'oma.

Filimu ya Punk in Africa ya 2012 muionere pa wifi, bando ingathe. Loweruka lowani m'mashopu a zakale, fukulani m'makatoni a vinyl, mbale za nyimbo zoyimba pa galamafoni zija, mbaleyo muitulutse muiyang'ane powala ngati yakalikakalika musanalipire.