Utsi wa fodya m'mabwalo a mpira chilimwe chino

Anthu akolola, mipikisano ya bonanza yayamba, ndipo Loweruka lililonse mudzi wonse ukumakhamukira kubwalo la pasukulu. Koma zomwe ndikuona m'mbali mwa bwalo zikundiwawa. Abambo akuyatsa ndudu, ena akukulunga chingambwe papepala la kope, ataima kumbuyo kwa ana amene akhala pansi, moyandikana ndi mayi wobereka khanda yemwe wabwera kudzaonera ntchemberembaye.

Ukawafunsa, yankho lake ndi lomwe lija: "Alangizi, pano ndi panja, mphepo ikutenga." Ikutengera kuti? Pamene anthu athithikana phewa ndi phewa, utsiwo ukuyamba wadutsa m'mphuno mwa mwana usanapite kumwamba. Mu utsi wa fodya muli mankhwala oposa 7,000, ndipo pafupifupi 70 mwa iwo amayambitsa khansa. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limanena kuti chaka chilichonse anthu oposa 1 miliyoni osasuta amafa chifukwa chopuma utsi wa anzawo. Mwana wa mphumu sadikira zaka kuti aone zotsatira, usiku womwewo akubanika, m'mawa makolo akusaka ya kabaza yopitira kuchipatala. Nanga wosewera amene wathamanga mphindi 45, wabwera kudzamwa madzi akupuma mwawefuwefu, mukumupatsa chiyani?

Mlimi wina amene ndimamuyendera ali ndi munda wochita malire ndi bwalo. Anamvera malangizo, anayala mapesi munda wonse kuti asunge chinyezi. Tsiku la fainolo wina anaponya kachidutswa ka ndudu pa udzu wouma kuseri kwa golo. Anthu ali kalikiliki kuvinira chigoli, moto unali utalowa kale m'munda. "Alangizi, chaka chamawa ndingotentha ndekha mapesiwa," anatero. Ntchito yomwe tinavutikira limodzi inathera pomwepo.

Zoti ndife dziko lolima fodya, ndiye tisamaletsane, zinanditopetsa. Kutumiza mabelo a bale ku okushoni ku Kanengo kapena ku Limbe ndi nkhani ina, kufukizira khanda la mnzako ndi nkhani inanso. Malawi analowa m'pangano la WHO lochepetsa kusuta fodya mu 2023, ndipo mpikisano wa World Cup wa 2002 ku Japan ndi South Korea unaseweredwa kale moletsa fodya m'mabwalo. Ambiri obwera kudzaonera mpira kwathu kuno sasuta. Amangokhala chete poopa kuyankhana ndi akuluakulu, koma nkhaniyi ikabwera pabwalo la amfumu, amayi ndi osewera ndi amene amayamba kuvomereza.

Chochita n'chosavuta. Komiti ya bwalo igwirizane ndi amfumu ndi aphunzitsi aakulu, alengeze mpira usanayambe kuti kusuta pakati pa anthu pabwalo n'koletsedwa. Lembani chikwangwani pakatoni. Wofuna kusuta apite kutali ndi anthu, pamalo opanda udzu, ndipo azimitse bwinobwino. Lambulani m'mbali mwa bwalo. Othandiza mpikisano aike lamuloli pamodzi ndi malamulo a mphoto.