Mafilimu akale a ku Japan: poyambira pake

Ngati mukufuna kulawa mafilimu a ku Japan a pambuyo pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, yambani ndi Nora Inu ya Akira Kurosawa, ya mu 1949, imene pa Chingerezi amaitchula kuti Stray Dog. Wapolisi wachinyamata, yemwe akuseweredwa ndi Toshiro Mifune, wapisidwa m'thumba m'basi yodzaza n'kuberedwa mfuti, ndiye akuisakasaka m'misika ya katangale ya mu Tokyo, kunja kukutentha koopsa.

Musanaonere dziwani ichi: nthawiyo Japan inali m'manja mwa asilikali a America mpaka 1952, chakudya chinali chosowa, ndipo anyamata obwera kunkhondo ankangoyendayenda opanda ntchito. Wapolisiyo ndi chigawenga chomwe akuchifunacho onse ndi asilikali akale. Mukaiwala zimenezi, filimuyo muiona ngati nkhani wamba ya wakuba.

Kenako pitani ku Tengoku to Jigoku ya Kurosawa yemweyo, ya mu 1963, imene pa Chingerezi amaitchula kuti High and Low, momwe mulinso Mifune. Apa m'pofunika kudekha. Pafupifupi ola lonse loyamba anthu ali m'chipinda chimodzi, m'nyumba ya pamwamba pa phiri ku Yokohama, bwana wa kampani ya nsapato akulimbana ndi mtima wake ngati alipire ndalama zowombolera mwana wa dalaivala wake, amene wabedwa molakwitsa m'malo mwa wake. Musathamangitse. Kwa ine gawo limeneli ndiye nsuzi wake.

Sankhani yokhala ndi mawu olembedwa pansi, osati yoikidwa mawu a chilankhulo china, chifukwa ukali wa Mifune uli pakhosi pake. Ndipo onerani usiku mutazimitsa magetsi, zithunzi zakuda ndi zoyerazi pa foni masana sizioneka bwino.