Momwe mungakonzere ulendo wa ku Nyika kuchokera mu Mzuzu

Funsani anthu khumi mu depoti ya Mzuzu ngati anapitako ku paki ya Nyika. Mwina mmodzi yekha ndi amene avomere, ndipo ameneyo mupeza kuti anangodutsa pa lole popita ku Chitipa. Alendo amachokera ku Germany ndi ku Britain kudzaona malo amenewa, pomwe ife a ku Chibavi, Katoto ndi Luwinga timangowaona pa kalendala, chonsecho kuchokera m'tauni muno kukafika ku Chelinda, pakati pa paki, ndi makilomita pafupifupi 180 okha. Ulendowu ndi wotheka ndithu, koma sufuna kungodzuka n'kuliyatsa. Nazi zoyenera kuchita.

Choyamba, sankhani mwezi

Pamwamba pa Nyika ndi pa mamita oposa 2,000, ndipo nsonga yake yaitali, phiri la Nganda, imapitirira pang'ono mamita 2,600. Ife a ku Mzuzu timadzitama kuti kuzizira tinakuzolowera, koma mu Juni ndi Julaye ku Chelinda kumagwa chisanu chenicheni, udzu n'kuyera mbee m'mawa. Miyezi imeneyi kumwamba kumakhala koyera ndipo msewu umakhala wouma, kungoti nyama zambiri zimatsikira kumunsi kothawa mphepo.

Kuyambira Sepitembala mpaka Novembala kumafundako, nyama zimabwerera pamtunda, msewu ukadali bwino. Kwa munthu wopita koyamba, ine ndinganene nthawi imeneyi. Januwale ndi Febuluwale ndiye nyengo ya maluwa: Nyika ili ndi mitundu yoposa 200 ya maluwa a orchid, a banja lomwe lija timakumbako chinaka. Koma ndi nthawinso ya matope ndi nkhungu yoti kutsogolo kwa galimoto osaonako.

Chachiwiri, pezani galimoto yoyenera

Apa ndi pamene maulendo ambiri amafera. Minibasi imakusiyani pa Rumphi, matola amafika ku Bolero ndi midzi ya kutsogolo, koma palibe yokakutulani ku Chelinda tsiku ndi tsiku. Njira yabwino ndi kusonkherana anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi, mubwereke galimoto yokwera, makamaka yokoka ndi mawilo onse anayi. Mnzanga wina anakakamira kupita pa kagalimoto kake ka m'tauni, akuti dalaivala wabwino sasankha msewu. Anabwerako ndithu, koma ekizosi ili m'buti.

Onani sipeya kuti ili ndi mpweya, jeke ndi sipanala zilipo. Mafuta thirani odzaza mu Mzuzu, mukawonjezerenso pa Rumphi, ndipo nyamulani ena m'jigubu. M'paki mulibe pothirira podalirika, komanso kuzungulira koona nyama kumadya mafuta ngati ulendo wina.

Chachitatu, konzeranitu pogona ndi chakudya

Ku Chelinda kuli loji ya ndalama zambiri, nyumba zina zotsikirako mtengo zomwe gulu likhoza kudziphikira, ndi malo okhomapo matenti. Imbani foni masiku angapo musananyamuke, mufunse mitengo ya panopa ya malo ogona ndi yolowera pageti, chifukwa imasintha. Amalawi timalipira zochepa poyerekeza ndi alendo akunja, choncho chiphaso cha unzika musachiiwale. Ndalama nyamulani zapamanja, netiweki kumeneko ndi yosakasaka.

Ufa, mpunga, ndiwo, mafuta ophikira, shuga ndi masamba a tiyi gulani mumsika wa Mzuzu. Jekete lolemera, chipewa, masokosi ndi bulangete lowonjezera, ngakhale mukupita mu Okutobala. Tochi musasiye.

Chachinayi, nyamukani m'mamawa

Tengani msewu wa M1 wopita ku Karonga, mudutse Ekwendeni, kenaka mukhotere kumanzere kulowera ku Rumphi, kudzera pa Njakwa pomwe mtsinje wa South Rukuru umapanikizika pakati pa mapiri. Kuchoka pa boma la Rumphi mudutsa Bolero, kwawo kwa Themba la Mathemba Chikulamayembe, mpaka kukafika pa geti la Thazima, makilomita pafupifupi 55 kuchokera pa Rumphi. Pageti mulembetsa ndi kulipira. Kuno anthu amalankhula Chitumbuka, ndiye "monire" mmodzi sakuchotserani kanthu.

Musanyengeke kuti mwafika. Kuchoka pa Thazima kukafika ku Chelinda kwatsala makilomita ena pafupifupi 60 a msewu wafumbi wokwera, ndipo penapake umayenda m'malire enieni a dziko la Zambia, lomwe nalonso lili ndi kachigawo kake kakang'ono ka Nyika. Muyamba ndi nkhalango ya miombo, momwe mungakumane ndi njovu. Zina mwa izo ndi zija 34 zomwe anazisamutsa kuchokera ku Liwonde mu 2017. Mukaziona imani patali, hutala ayi. Kenaka mitengo imangotha mwadzidzidzi, n'kutsala zitunda za udzu zokhazokha mpaka pomwe maso alekezera. Ulendo wonse werengerani maola asanu kapena kuposerapo, ndipo mageti amatsekedwa dzuwa likamalowa. Kunyamuka mu Mzuzu masana n'kudziputira mavuto.

Chachisanu, tengani woperekeza, ndipo mumufunse mbiri ya malowa

Nyama muziona ngakhale muli nokha, poti palibe pobisala: mbidzi, ntchefu, chilembwe, mphoyo, mbawala, njiri. Usiku kumayenda afisi ndi anyalugwe. Mbalame zilipo mitundu yoposa 400. Koma kuyenda pansi kutali ndi kampu kumafuna woperekeza wa paki, ndipo phindu lake si chitetezo chokha. Munthu wongoyang'ana pawindo la galimoto amabwerako akuganiza kuti Nyika ndi chipululu chomwe munthu sanakhalemo chilengedwere. Si zoona.

Pemphani akutengereni ku thanthwe la Fingira. M'phanga la pamenepo muli zojambula za pamwala, ndipo ofukula zakale anapezamo mafupa a anthu ndi zida za miyala za zaka zikwi zingapo zapitazo. M'malo ena a m'pakimu mudakali zotsalira za ng'anjo zomwe makolo ankasungunuliramo chitsulo chopangira makasu, ntchito yomwe Aphoka ankadziwika nayo. Pafupi ndi Chelinda pali kanyanja ka Kaulime, komwe anthu ankakapempha mvula, ndipo nkhani ya njoka yaikulu ya m'madzimo ikadakambidwa mpaka lero. Pamalo ngati amenewa musamapange phokoso kapena kutola kanthu. Kwa inu ndi pojambulira zithunzi, kwa eni dera ndi pa kachisi.

Kutetezedwa kwa Nyika kunayamba pang'onopang'ono. Mu 1948 boma la atsamunda linateteza kankhalango ka mitengo ya juniper kum'mwera chakum'mawa kwa phirili. Chaka chotsatira, 1949, wolemba mabuku Laurens van der Post anatumidwa ndi boma la Britain kudzaona malowa, ndipo ulendowo anaulemba m'buku lake la Venture to the Interior. M'zaka za m'ma 1950 bungwe la Colonial Development Corporation linadzala mitengo ya paini pa Chelinda poyesa ngati kungakhale kwabwino kupangira mapepala. Maganizowo anafera m'mazira chifukwa cha kutalika kwa mtunda ndi kuipa kwa misewu, koma mitengoyo inatsala. Ndi nkhalango yakuda ija mudzaione mukamayandikira kampu. Imaoneka bwino pa chithunzi, koma ndi yachilendo, ndipo mbewu zake zikamamera m'udzu ogwira ntchito m'paki amachita kuzizula.

Mu 1965, patangotha chaka chimodzi tilandilire ufulu, Nyika inakhala paki yoyamba ya dziko lino. Mu 1978 boma linaikulitsa kwambiri mpaka kupitirira masikweya kilomita 3,000, n'kukhala paki yaikulu kuposa zonse m'Malawi. Kukulitsako kunameza midzi, minda ndi manda. Anthu zikwi zingapo anasamutsidwa, m'nthawi ya chipani chimodzi pomwe kukana kunali kosatheka. Ena mwa anthu omwe mwawadutsa pa msewu wa ku Thazima akugulitsa nthochi ndi uchi ndi ana ndi zidzukulu za osamutsidwawo. Mukamva za kutchera misampha, kutentha tchire kapena kukumba chinaka mozemba, zinthu zomwe zikuwonongadi paki, dziwaninso kumene nkhaniyo inayambira. Lero midzi yozungulira ili ndi bungwe lake la Nyika-Vwaza Association lomwe limalandirako gawo la ndalama za paki, ndipo mu 2023 boma linasainirana mgwirizano wa zaka 20 ndi bungwe losamalira zachilengedwe la Peace Parks Foundation woyendetsera limodzi Nyika ndi malo osungirako nyama a Vwaza. Ngati zimenezi zikufikadi m'thumba la munthu wa kumudzi, funsani operekezawo, ambiri kwawo ndi komweko ndipo amayankha mosabisa mukacheza nawo bwino pamoto.

Chachisanu ndi chimodzi, gawani masiku anu

Kugona usiku umodzi n'kutaya mafuta. Awiri ndiye poyambira. Tsiku lofika ingoyendani pansi kuzungulira madamu a pa Chelinda, momwe muli nsomba za trout zomwe azungu anabweretsa. Kuwedza kumafuna chilolezo. Tsiku lachiwiri sankhani mbali imodzi: kumpoto kuli Nganda ndi thanthwe la Jalawe, pomwe kukayera mumaona chigwa cha kumunsi mpaka mapiri a kutali, kapena kumadzulo ku mathithi a Chisanga pa mtsinje wa North Rukuru, komwe mumasiya galimoto n'kutsetsereka wapansi. Pobwerera ndi chikweza, ndiye sungani mphamvu ndi madzi akumwa. Fingira ndi nkhalango ya juniper zili kutali, zimafuna tsiku lakelake.

Amene miyendo ili bwino akhoza kuyenda wapansi masiku atatu kuchokera ku Chelinda kutsikira ku Livingstonia, ndi woperekeza ndi onyamula katundu, kugona m'matenti. Umenewu ndi wokonzekera mwapadera, osati wongoganiza mutafika.

Moto kolezani pokhapo pomwe akuonetsani. Udzu wa ku Nyika ukauma sumachedwa kuyaka, ndipo madambo ake ndi amene amasunga madzi a mitsinje ya North Rukuru, Runyina ndi Wovwe, womwe umapukusa magetsi kumunsi ku Karonga. Galimoto isachoke mumsewu, chifukwa tayala likaponda dambo chipsera chake chimakhala zaka. Mabotolo ndi majumbo bwererani nawo ku Mzuzu.

Tsiku lobwerera dzukani m'mawa, mupukute mame pagalasi, muone madzi ndi oyilo mu injini, ndipo muyese mabuleki musanayambe kutsetsereka. Pofika masana mukhale mutatuluka pa Thazima. Uchi wa m'mbali mwa msewu umenewo ndi wabwino, siyaniko ndalama pang'ono yogulira botolo limodzi kapena awiri.