Mliri ukatseka sukulu, bwalo la ana lisamere udzu

Pa 23 Marichi 2020 sukulu zonse m'dziko muno zinatsekedwa, patangopita masiku atatu boma litalengeza kuti dziko lili pangozi chifukwa cha mliri wa Covid-19. Nthawi imeneyo n'kuti kuno kwathu kusanapezeke wodwala ngakhale mmodzi, pakuti oyamba anadziwika pa 2 Epulo. Ana a makalasi olemba mayeso anabwerera kusukulu pa 7 Seputembala, anzawo anadikira mpaka mwezi wa Okutobala, ndipo mu Januwale 2021, mliri utakoleranso, sukulu zinatsekedwa kachiwiri kwa masabata angapo. Ife amene timagwira ntchito ya ulangizi m'midzi ya kuno ku Kasungu tinatha miyezi yonseyo tikuphunzitsa anthu kusamba m'manja, kuvala masiki ndi kukhala motalikirana, ndipo zimenezo zinali zoyenera. Chimene tinachedwa kuchiona n'chakuti tsiku limene makalasi anatsekedwa, masewera a ana nawo anatha, popanda wina aliyense wofunsa kuti ana amenewa atani ndi dzuwa lonse lathunthu.

Ndimakumbukira bwalo lina la pasukulu ya pulayimale kumbali ya Santhe, limene ndinkadutsapo pa njinga popita kukayendera midzi. Pofika mwezi wa Meyi udzu unali utafika m'mawondo, mbuzi zinkadya pakati penipeni, ndipo mitengo ya bulugamu imene inali zigoli inali itazulidwa kukamangira chigafa. Chapafupi pomwepo mayi wina anandiimitsa n'kunena kuti, "Alangizi, taloweni mumuone mwana wanuyu, wangosanduka wamwano, nsima akungoitola pang'ono, usiku sagona." Mnyamatayo anali wa zaka 13, goloboyi wa timu ya pasukulupo, ndipo ndinamupeza atakhala kuseri kwa nkhokwe, manja akuda ndi utomoni wa fodya amene ankasoka kuyambira m'mawa. Thupi silinkatentha, sankatsokomola, ndipo nditamufunsa chimene chikumupweteka anangoti mutu. Titacheza kwa kanthawi, iye anandifunsa ngati anzake a mutimu akadalipo, chifukwa anali atamva kuti matendawo amaliza anthu onse. Palibe wamkulu amene anakhalapo naye pansi n'kumufotokozera zimene zinkachitika.

Mwana sanena kuti ali ndi nkhawa kapena kuti wakhumudwa, chifukwa mawu amenewo sanawadziwe. Amanena kuti mutu ukuwawa kapena m'mimba mukupota, amakwiya ndi kanthu kakang'ono, amadzipatula, ndipo wamng'ono amene anasiya kale kukodza pamphasa akhoza kuyambiranso. Makolo ambiri amaona zimenezi ngati mwano ndipo amathamangira ku chikwapu, pamene mwanayo akuvutika mumtima. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linanena mu Marichi 2022 kuti m'chaka choyamba cha mliriwu matenda a nkhawa ndi kukhumudwa anakwera ndi 25 peresenti padziko lonse, ndipo achinyamata anali m'gulu la okhudzidwa kwambiri. Bungwe lomweli limalangiza kuti ana a zaka 5 mpaka 17 azichita masewera otulutsa thukuta kwa mphindi zosachepera 60 patsiku.

Ubwino wa masewera sunathere pa kulimbitsa minofu. Mwana amene wathamanga masana amamva njala ndipo amagona tulo tabwino, ndipo tulo ndi chakudya ndizo zimayamba kusokonekera maganizo akavuta. Masewera amapatsanso tsiku dongosolo, chifukwa mwana wodziwa kuti 3 koloko akakumana ndi anzake amadzuka ali ndi choyembekezera. Koma chimene ine ndimachiika patsogolo n'chakuti pabwalo pamakhala munthu wamkulu wosakhala kholo lake amene amaona mwanayo tsiku ndi tsiku. Kochi kapena mphunzitsi wa zamasewera ndiye amayamba kuzindikira kuti wakutiwakuti sakusekanso, waonda, kapena wabwera ndi zipsera. Bwalo likafa, diso limeneli limatsekeka, ndipo mwana wozunzika pakhomo amakhala wopanda pothawira.

Choncho malangizo anga kwa mafumu, makomiti a sukulu, atsogoleri a mipingo ndi mizikiti komanso makochi a m'midzi ndi akuti, boma likaletsa misonkhano chifukwa cha mliri, masewera a ana asathetsedwe koma asinthidwe kachitidwe. Sindikunena kuti malamulo aphwanyidwe ayi. Chiwerengero cha anthu ololedwa kusonkhana chinkasinthasintha nthawi ya Covid-19, pena 100, pena 50, pena 10 okha, kotero choyamba ndi kufunsa mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu zimene lamulo likulola sabata imeneyo, ndi kudziwitsa amfumu musanayambe chilichonse.

Gawani ana m'timagulu ta asanu ndi mmodzi kapena asanu ndi atatu ochokera m'nyumba zoyandikana, ndipo kagulu kalikonse kakhale ndi ana omwewomwewo tsiku lililonse. Chifukwa chake n'chakuti mmodzi akadwala, mumadziwa msanga amene anali naye pafupi, ndipo matenda sadumphira m'mudzi wonse. Kagulu kakhale ndi nthawi yake yokhazikika, makamaka masana ntchito za pakhomo ndi za kumunda zikatha, ndipo ana abalalike dzuwa lisanalowe. Masewera onse achitikire panja. Kachirombo koyenda mumpweya kamafala kwambiri m'chipinda chodzaza ndi chotsekeka, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti m'masiku amenewo tinkathamangitsa ana pabwalo pamene ena mwa iwo ankakathera m'tinyumba toonetsera kanema pamsika, mmene ankapanikizana pabenchi zitseko zili zotseka.

Masewera osafuna kugundana tili nawo ambiri ndipo safuna ndalama. Phada amaseweredwa mmodzimmodzi, jingo amangofuna chingwe, ndipo fulaye amasiya mpata wokwanira pakati pa oponya ndi wozinda. Anyamata angathe kupatsirana mpira wachikulunga atatalikirana, kupikisana pomenya mapenate kapena kuthamanga mtunda woyezedwa, pamene okonda mpira wamanja angathe kupikisana poponya mpira mumkombero aliyense ataima pamalo ake. Zoyenera kudikira ndi mipikisano ya midzi ndi midzi komanso zikho zija zimakoka khamu. Pamasewera oterewa ngozi yaikulu sikhala pa osewera ali m'bwalo, koma pa lole imene yanyamula timu ndi ochemerera ake atathithikana, pa chinamtindi cha anthu oonerera, ndi pa chidebe chimodzi cha madzi chimene aliyense amatungamo ndi kapu yomweyo. Mwana aliyense abwere ndi botolo lake la madzi, mayunifomu asabwerekanidwe asanachapidwe, ndipo wezulo ikhale ya munthu mmodzi. Pakhomo pa bwalo pakhale mpondagiya ndi sopo, kuti ana asambe m'manja pofika ndi pochoka. Za masiki, WHO inalangiza kuti munthu asavale pamene akuchita masewera olemetsa chifukwa imanyowa ndi thukuta n'kuvutitsa kupuma, ndiponso kuti ana a zaka 5 kutsika pansi asakakamizidwe kuvala. Wamkulu woyang'anira ndiye avale.

Mwana wotentha thupi, wotsokomola kapena wotsegula m'mimba asabwere pabwalo mpaka atachira, ndipo akachira ayambe ndi masewera opepuka. Koma asaiwalike. Mtsogoleri wa kagulu apite kukamulonjera ataima pabwalo la nyumba, chifukwa tinaona mabanja ena akusalidwa atangomveka kuti muli wodwala, ndipo mwana wosalidwa amanyamula manyazi amenewo kwa nthawi yaitali.

Pa atsikana pafunika kuimapo pang'ono. Sukulu ikatsekedwa, mnyamata amapezabe mpata wozemba kukasewera, pamene mtsikana amatsala ndi mtondo, chitsime, nkhuni ndi mwana kumbuyo kuyambira m'mawa mpaka usiku. Kafukufuku wa boma wa mu 2020 anapeza kuti m'miyezi imene sukulu zinali zotseka atsikana oposa 40,000 anatenga mimba, ndipo maukwati a ana anakwana pafupifupi 13,000. Sindikunena kuti mpira wokha ukanaletsa zonsezi, popeza umphawi ndi nkhanza za akuluakulu ndizo zinali muzu wake. Komabe mtsikana amene amaonekera tsiku lililonse pamaso pa mayi wodalirika sangasowe sabata yathunthu popanda wina kufunsa kumene ali. N'chifukwa chake magulu a amayi a pasukulu, amene alipo kale m'sukulu zathu zambiri, ndi oyenera kupatsidwa timagulu ta atsikana, ndipo makolo apemphedwe mwaulemu kuti amasule mwana wawo wamkazi kwa ola limodzi lokha. Kholo likakayika, likumbutseni kuti Mwawi Kumwenda wa mpira wamanja komanso Tabitha ndi Temwa Chawinga a mpira wamiyendo ndi ana a m'dziko lomwe lino amene masewera awafikitsa kutali. Lamulo limodzi lisaphwanyidwe, lakuti wamkulu asatsale yekha ndi mwana mmodzi pamalo obisika, ngakhale atakhala munthu wolemekezeka chotani m'mudzimo.

Ana aulumali alowe nawo m'timagulu timeneti, ndipo masewera asinthidwe kuti awakwanire. Mwana wachialubino asewere dzuwa litapepa, atavala chipewa ndi malaya a manja aatali, ndipo aperekezedwe popita ndi pobwerera.

Masewera akatha, ana akhale pansi mozungulira motalikirana kwa mphindi khumi. Apa mtsogoleri asalalikire, koma afunse mafunso osavuta, monga amene anagona bwino usiku wapita, zimene amva zokhudza matendawo, ndi amene akuwasowa kwambiri. Mphekesera zimene ana amatola kumsika ndi pa mafoni a akuluakulu zimatulukira pamenepa, ndipo ndi mwayi wozikonza ndi mawu oona, osaopseza komanso osanama kuti kulibe vuto. Mwana amene waferedwa aloledwe kutchula dzina la womwalirayo ndi kulira ngati akufuna, pakuti nthawi ya Covid-19 maliro ankaikidwa mofulumira ndi anthu ochepa, ndipo ana ambiri sanapeze mpata wotsanzika agogo kapena makolo awo. Zimene mwana waulula zokhudza kwawo zisasanduke nkhani ya kuchitsime.

Pali zizindikiro zimene bwalo lokha silingathetse. Mwana akakhala wosakondwa kwa masabata oposa awiri, wasiya zimene ankazikonda, sakudya kapena kugona, wayamba mowa kapena chamba, akudzivulaza, kapena akulankhula zakuti kuli bwino atafa, pamenepo pafunika thandizo la achipatala. Mawu onena za imfa asatengedwe ngati nthabwala kapena kuopseza chabe. Mufunseni modekha ndi mosazungulira ngati akuganiza zodzipha, chifukwa kufunsa sikuika maganizowo mwa iye, koma kumamupatsa mpata wotula katundu. Musamusiye yekha, dziwitsani kholo kapena womulera wodalirika, ndipo pitani naye kwa mlangizi wa zaumoyo kapena kuchipatala chaching'ono chapafupi, kumene angamutumize ku chipatala chachikulu cha boma la Kasungu. Chipatala cha St John of God ku Lilongwe ndi ku Mzuzu chimathandizanso odwala matenda a maganizo. Pa nkhani za nkhanza kwa ana, nambala yaulere ya 116 ilipo, komanso ofesi ya zachisamaliro cha anthu ndi nthambi ya apolisi yothandiza ozunzidwa. Kuno kwathu kolima fodya, chimanga ndi soya, pafupifupi nyumba iliyonse imasunga mankhwala ophera tizilombo, ndipo ndikupempha makolo kuti mankhwalawa azikhala m'bokosi lokhoma ndi loko, kiyi ali ndi wamkulu, chifukwa maganizo odzipha mwa wachinyamata nthawi zambiri amabwera mwadzidzidzi ndipo amadutsa ngati chida sichili pafupi.

Wina angafunse chifukwa cholembera zimenezi pamene WHO inalengeza kale pa 5 Meyi 2023 kuti Covid-19 sinalinso ngozi yadzidzidzi ya dziko lonse. Mu Januwale chaka chomwecho sukulu za m'mizinda ya Lilongwe ndi Blantyre zinachedwa kutsegulidwa ndi masabata awiri chifukwa cha kolera, ndipo chimene chinachitika kumeneko chingathe kuchitika ku Chamama, ku Nkhamenya kapena ku Chulu. Mliri uliwonse uli ndi njira yake yofalira, kotero pa kolera chidwi chipite kwambiri ku madzi akumwa othira kolorini, ku chimbudzi cha pabwalo ndi ku zakudya zogulitsidwa m'mphepete mwake, osati ku kutalikirana.

Kukonzekera kuyambe pamene zinthu zili bwino. Komiti ya sukulu pamodzi ndi amfumu ikhale ndi kope lolembamo mayina a ana a m'dera lililonse la mudzi, akuluakulu awiri odalirika a kagulu kalikonse, mwamuna ndi mkazi, ndi nambala ya foni ya mlangizi wa zaumoyo. Agwirizanenso za amene adzatchetcha bwalo sukulu ikadzatsekedwa, ndi kuti zigoli zisadzazulidwe. Ku Santhe kuja tinayamba ndi ana asanu ndi awiri, zikwanje ziwiri zotchetchera ndi mpira wokulunga ndi majumbo, ndipo goloboyi uja ndiye anakadula mitengo ina iwiri n'kuikumbira yekha.