Foni ikakana kulowa moto, musathamangire kugula batire

Ambiri a ife foni ikakana kulowa moto timangoti batire lafa. Basi ulendo wa kutauni: ya minibasi, ya batire, ya wokonza, n'kubwerera kunyumba foni ikuchitabe zomwezo. Abale anga, batire muzilikayikira pomaliza. Yambani ndi zinthu zosalira ndalama.

Yesani kaye chingwe. M'kati mwake muli timawaya topyapyala timene timaduka pafupi ndi kamutu kolowa m'foni, pamene pamapindika mukamacheza pa WhatsApp foni ili pamoto. Kunja chimaoneka chabwinobwino. Mukaona kuti foni ikutchaja pokhapokha mutachigwirira chingwe mwakutimwakuti, dziwani kuti chaduka m'kati. Bwerekani cha mnzanu chimene chikugwira ntchito muyesere. Mukatero yesani mutu wina wa tchaja, kenako soketi ina. Muzisintha chinthu chimodzi pa nthawi, chifukwa mukasintha zonse limodzi simudziwa chimene chimalakwa.

Pamene ndikufuna tikhalitsepo ndi pa kabowo kolowetsa chingwe. Foni timaisunga m'thumba la buluku, amayi ena amaimanga pa chitenje, timapita nayo kumunda ndi kuchigayo. Fumbi, ufa ndi timaulusi ta nsalu zimalowa pang'onopang'ono, makamaka kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa. Nthawi iliyonse mukalowetsa chingwe mumazitsendera m'kati, mpaka zimalimba gwa, ndipo kamutu ka chingwe sikafikanso penipeni. Mudzaona chingwe chikugwedera kapena kusolokera chokha. Zimandiwawa kuona munthu akutaya ndalama ya ndiwo za sabata yonse chifukwa cha fumbi losadzaza ngakhale kachikhadabo.

Zimitsani foniyo, muunike m'kabowomo ndi tochi. Tengani kamtengo kotokosera m'mano, mukokolole zinyalalazo modekha, cham'mbali. Singano, phini kapena waya ayi ndithu. M'katimo muli kalilime kopyapyala kokhala ndi timapini todutsa moto, ndipo m'mafoni okhala ndi kabowo ka mtundu wa Type-C kalilimeko kali pakati penipeni. Chitsulo chikhoza kukapinda kapena kugunditsa moto, ndiye kuti vuto laulere lasanduka la ndalama. Musauziremo ndi pakamwa, mulowetsamo chinyezi.

Chinyezicho ndi vuto la nyengo ya mvula. Mafoni ambiri a Samsung amaonetsa kadontho ka madzi n'kukana kutchaja. Kumeneko sikuwonongeka, foni ikudziteteza. Musaikakamize. Isiyeni pamthunzi podutsa mphepo kwa maola angapo, kabowo katayang'ana pansi. Padzuwa kapena pafupi ndi mbaula ayi. Zoiviika mu mpunga zija kampani ya Apple imaletsa, chifukwa tizidutswa ta mpunga timalowa m'kati.

Nanga ikamatchaja koma mochedwa? Yang'anani timalemba ta pamutu wa tchaja. Tchaja zakale zimapereka mawati 5, pamene mafoni ambiri a masiku ano, kaya Tecno, itel kapena Samsung, amagwiritsa ntchito za mawati 10, 18 kapena 25. Batire la 5000 mAh (muyeso wa moto umene batire limasunga) pa tchaja ya mawati 5 litenga pafupifupi theka la usiku. Pa kompyuta ndiye imakwawa kwambiri, poti mabowo akale a USB amatulutsa mawati awiri ndi theka okha. Tchaja zopepuka ngati khoko la mtedza, zotentha msanga, zipeweni. Ngati sikirini ikudinika yokha foni ili pamoto, tchajayo siili bwino, ichotseni.

Amene mumatchajira pa sola kapena pa batire la galimoto, kumbukirani kuti batirelo ndi la mavoti 12, pamene foni imayamba kulandira mavoti 5. Pakati pake pamafunika katchaja ka m'galimoto kotsitsa mphamvuyo. Kulumikiza mawaya mwachindunji n'kuwotcha foni. Amene muli ndi magetsi, akazima zulani tchaja, ndipo akabwera dikirani mphindi zingapo akhazikike. Kukamachita ziphaliwali chitaninso chimodzimodzi.

Kutentha ndiye mdani wamkulu wa mabatire a lithium-ion amene ali m'mafoni athu. Opanga mafoni amati malo ogwiritsira ntchito foni asapyole madigiri 35, koma ku Chikwawa ndi ku Nsanje mu Okutobala kumadutsa 40. Foni ikatentha imachepetsa yokha liwiro lotchaja, kapena kusiyiratu. Ivuleni chikuto chake, muiike pa simenti pamthunzi, itchaje usiku kapena m'mawa. Pansi pa pilo musaiike, ana asasewererepo magemu ili pamoto. Ngati n'kotheka musamadikire kuti izime yokha; ikafika cha m'ma 20 peresenti ilumikizeni.

Foni imene yakhala masiku ilibe moto siyaka nthawi yomweyo. Isiyeni pa tchaja yabwino kwa mphindi 30, kenako dinani batani loyatsira kwa nthawi yayitaliko. Pa Samsung dinani loyatsira limodzi ndi lochepetsa mawu.

Zonsezi zikakanika, apo ndiye tikambe za batire. Likadzazidwa n'kutha maulendo pafupifupi 500, zomwe kwa ambiri ndi zaka ziwiri kapena zitatu, limayamba kufooka. Foni imazima ikuonetsa 30 peresenti, kapena imadzaza msangamsanga n'kuthanso msangamsanga. Pitani nayo kwa wokonza wodalirika, ndipo mupemphe kuona batire lakale akalichotsa. Koma mukaona kumsana kwa foni kwatukuka kapena sikirini ikunyamuka, batirelo latupa. Musaitchajenso, musalifinye kapena kuliboola, chifukwa likhoza kuyaka. Zimitsani foniyo, muisunge pa simenti kutali ndi ana, denga la udzu ndi matumba a chimanga, kufikira mutapita nayo kwa wokonza.