Musangoloweza zaka, dziwani chifukwa chake

Anzanga amene mukukonzekera mayeso a ntchito za m'boma, makamaka ku unduna wa zakunja, mafunso a mabungwe a SADC (la maiko a kummwera kwa Africa), COMESA (la zamalonda m'maiko a kummawa ndi kummwera kwa Africa) ndi AU (la maiko onse a mu Africa) sakusowa. Zaka zilowezeni ndithu: SADCC idayamba 1980 ku Lusaka, nkusanduka SADC mu 1992 ku Windhoek, likulu lili ku Gaborone. COMESA ndi ya 1994, likulu ku Lusaka. AU idalowa m'malo mwa bungwe lakale la OAU mu 2002.

Koma ambiri amagwa pa funso lakuti "chifukwa chiyani". Malawi ili mu SADC komanso mu COMESA, pomwe Tanzania idatuluka mu COMESA mu 2000. Kodi kukhala m'mabungwe awiri kumatipindulira chiyani, nanga kumasokoneza pati pa nkhani ya msonkho wa pa malire? Apa ndiye khalani pansi, ganizirani bwino.

Tengani pepala, jambulani mapu nokha, mulembepo njira ya Beira, ya Nacala ndi ya Dar es Salaam. Mafuta ndi feteleza wathu amadzera kumeneko. Mukatero, nkhondo ya ku Cabo Delgado, kumpoto kwa Mozambique, kapena kukwera kwa mitengo ya feteleza nkhondo ya Russia ndi Ukraine itayamba mu 2022 muzifotokoza mosavuta.

Madzulo aliwonse mverani nkhani zakunja pa wailesi, kenako mulembe yankho la mizere isanu osasuzumira m'buku.