Momwe mungasankhire kosi yophunzira luso latsopano popanda kutaya fizi pachabe

Zotsatira za mayeso a MSCE zikangotuluka, mitengo ya m'mbali mwa msewu ku Limbe ndi makoma a pa depoti ya Lilongwe amadzaza ndi mapepala oitanira anthu ku makosi. Pa wailesi ndi pa Facebook n'chimodzimodzi: za makompyuta, zaumoyo, zamalonda, zamahotela, zonse zikulonjeza ntchito. Makolo amagulitsa mbuzi kapena matumba a soya, mwana n'kukalembetsa sabata yomweyo. Vuto limadzaoneka patapita zaka ziwiri, pepala lili m'manja koma olemba ntchito akulikana. Njira zili m'munsizi ndi za amene wangomaliza Fomu 4, komanso za inu amene muli kale pa ntchito koma mukufuna kusintha kapena kukwera.

Choyamba: yambirani pa ntchito, kosi ibwere pambuyo

Ambiri timayamba ndi funso lakuti "ndiphunzire chiyani?" Funso loyenera kuyamba nalo ndi lakuti "ndikufuna ndizidzadya za ntchito yanji?" Mukayankha limeneli, kosi imadzisankha yokha.

Tengani nyuzipepala za The Nation ndi The Daily Times za milungu ingapo, muwerenge masamba olengeza ntchito. Musayang'ane malipiro ayi, yang'anani pamene alemba zoyenereza. Lembani m'kope pepala lomwe akufuna pa ntchito iliyonse yokukopani: dipuloma ya chiyani, yochokera kuti, komanso ngati akufuna munthu wolembetsedwa ku bungwe lina lake. Kenako pezani anthu awiri kapena atatu amene akugwira ntchitoyo lero. Akhoza kukhala wa ku mpingo kwanu, mlamu wanu kapena mmisiri amene anakuikirani magetsi m'nyumba. Afunseni kumene anaphunzira, nthawi yomwe anakhala asanapeze ntchito, ndi chomwe akadachita mosiyana akadayambiranso. Safunsa anadya phula, ndipo pa nkhani ya makosi phulalo limagulidwa ndi ndalama zambiri.

Ngati cholinga chanu n'kudzilemba nokha ntchito, yang'anani kwanu komweko. Dera lomwe nyumba zikumangidwa tsiku ndi tsiku likufuna omanga, owotcherera zitsulo, oika mipope ya madzi ndi a zamagetsi. Kumene magetsi a ESCOM sanafike kukufunika odziwa kuika ndi kukonza masola.

Chachiwiri: dziwani makomo amene alipo

Makomo akuluakulu ndi anayi, ndipo lililonse lili ndi mwini wake woliyang'anira.

Khomo la ntchito zamanja ndi zaluso limayang'aniridwa ndi TEVETA, bungwe lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo mu 1999. Makoleji akale odziwika ndi Soche ku Blantyre, Nasawa ku Zomba, Lilongwe, Namitete, Salima, Mzuzu ndi Livingstonia ku Rumphi. Kuyambira mu 2015 boma linayamba kutsegula makoleji aluso a m'madera, monga wa Ngara ku Karonga, kuti wachinyamata asamachite kuyenda ulendo wautali. Palinso masukulu a mipingo ndi mabungwe, monga Don Bosco ku Lilongwe ndi Mikolongwe ku Chiradzulu. Kumeneku mupeza ukalipentala, zomangamanga, umakaniki, zamagetsi, utelala, kukonza mafiriji, makompyuta ndi ntchito za muofesi. TEVETA imalengeza malo a ophunzira omwe imawathandiza, ndipo ndalama zake zambiri zimachokera ku msonkho wa 1 peresenti umene olemba ntchito amapereka pa malipiro a antchito awo. Malowa amalimbiranidwa kwambiri, n'chifukwa chake makoleji ambiri amatenganso ophunzira odzilipirira okha.

Khomo lachiwiri ndi la mayunivesite. A boma alipo 6: UNIMA ku Zomba, MUBAS ndi KUHeS zomwe zinapatuka ku UNIMA mu 2021, LUANAR ku Bunda, MZUNI ku Mzuzu ndi MUST ku Thyolo. Kuti mupikisane nawo mumafunika makirediti 6 pa MSCE kuphatikizapo Chingerezi, ndipo mumalembera kudzera ku NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro apamwamba, osati ku yunivesite iliyonse payokha. Chonde onetsetsani maphunziro omwe pulogalamu iliyonse ikufuna. Mapointi abwino opanda kirediti ya Masamu sangakulowetseni ku uinjiniya ngakhale mutalira bwanji.

Khomo lachitatu ndi la zaumoyo: Malawi College of Health Sciences ndi makoleji a mipingo a pansi pa CHAM, bungwe la zipatala za mipingo, monga Nkhoma, Ekwendeni, Malamulo, Mulanje Mission, St Luke's ku Malosa ndi Holy Family ku Phalombe.

Lachinayi ndi la masukulu a ntchito imodzi yapadera. Zowerengera ndalama zili ku Malawi College of Accountancy, kumene ambiri amakonzekera mayeso a mabungwe a akatswiri owerengera ndalama, ICAM kapena ACCA. Zamahotela ndi zokopa alendo zili ku Malawi Institute of Tourism, utolankhani ku Malawi Institute of Journalism (MIJ), zankhalango ku Dedza, zausodzi ku Mpwepwe ku Mangochi, zoyendetsa sitima zapamadzi ku Monkey Bay. Masukulu ngati a Mpwepwe ndi Monkey Bay satchulidwatchulidwa pamene ana a Fomu 4 akukambirana za tsogolo lawo, chonsecho nyanja tili nayo pakhomo.

Chachitatu: tsimikizani kuti pepala lake lidzagwira ntchito

Apa ndi pamene ambiri amagwera, ndiye tikhalapo pang'ono.

Sukulu ikakuuzani kuti "ndife olembetsedwa", musakhutire. Kulembetsa bizinesi ku boma ndi chinthu china, kuvomerezedwa kuphunzitsa ndi chinanso. Kwa mayunivesite ndi makoleji apamwamba, woona zimenezi ndi NCHE, yomwe inakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2011. Ndipo ngakhale ku NCHE komweko masitepe ndi awiri: kulembetsa sukulu, kenako kuvomereza mapulogalamu ake, iliyonse payokha. Zimatheka yunivesite kukhala yolembetsedwa bwinobwino, digiri yake ya zamalonda n'kukhala yovomerezeka, koma digiri ina yomwe angoyamba kumene isanavomerezedwe. Choncho pa mndandanda wa NCHE musafufuze dzina la sukulu lokha. Fufuzani dzina lenileni la pulogalamu yanu, ndipo funsaninso za nthambi yomwe mukaphunzireko, chifukwa nthambi ya ku Mzuzu ikhoza kukhala yopanda zipangizo zomwe zili ku likulu la sukuluyo. Mndandandawo umasintha, ndiye wa chaka chatha musaudalire.

Kwa masukulu a ntchito zamanja, funsani ku TEVETA. Ili ndi maofesi ku Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu.

Ntchito zina zili ndi mlonda wachiwiri amene mumakumana naye mukamaliza sukulu. Namwino kapena mzamba sagwira ntchito popanda chiphaso cha Nurses and Midwives Council of Malawi, ndipo bungwelo lili ndi mayeso akeake. Madokotala ndi makiliniko ofisala amalembetsa ku Medical Council of Malawi. A zamankhwala ali ndi bungwe la PMRA. Oika mawaya a magetsi m'nyumba za anthu amafunika chilolezo cha MERA. Ngati sukulu yanu siidziwika ku bungwe loyang'anira ntchitoyo, zaka zanu zonse zathera m'madzi. Mwana wa mchemwali wanga anakhala zaka ziwiri pa sukulu ina ya m'tauni akuphunzira zomwe ankazitcha zaumoyo wa m'madera, yunifolomu yoyera n'kumavala ndithu. Atamaliza anazindikira kuti pepala lakelo silimulola ngakhale kubaya jakisoni. Lero akubwereza Biology kuti akayambirenso pena.

Funsaninso funso ili: mayeso akulembetsa ndani, ndipo satifiketi asayina ndani? Masukulu ambiri omwe si aboma amangophunzitsa, mayeso n'kuchokera ku mabungwe a ku Britain monga City & Guilds, ABE, ABMA kapena ICM. Izi si zolakwika, koma zili ndi zotsatira ziwiri. Fizi ya mayeso imayendera ndalama yakunja, ndiye kwacha ikagwa, monga inagwera ndi 44 peresenti mu November 2023, mtengo umakwera muli pakati pa kosi. Komanso muyenera kuona ndi maso anu umboni wakuti dzina lanu lalembetsedwadi ku bungwe la mayesolo, osangomva pakamwa pa a ku ofesi.

Amene mukulingalira zokagwira ntchito ku Joni, dziwani kuti mapepala akunja amakaunikidwa ndi bungwe la SAQA, ndipo a sukulu yosavomerezeka kwawo komwe savomerezedwanso kumeneko.

Chachinayi: pitani mukaone

Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Chithunzi cha pa Facebook sichingakuuzeni kuti pa kalasi ya anthu 40 pali makompyuta angati oyaka. Pitani tsiku la pakati pa sabata, osapangana ndi aliyense. Lowani mu wekishopu. Ngati ndi kowotcherera, makina alipo angati, nanga magetsi akazima amatani? Ngati ndi umakaniki, pali injini yeniyeni yoti ophunzira aziimasula ndi kuimanga, kapena amangoijambula pa bolodi? Mukatuluka pa geti, imitsani wophunzira wa chaka chachiwiri mumufunse ngati aphunzitsi amabwera. Iyeyo sangakubisireni.

Musachoke musanafunse za atachimenti, nthawi yomwe wophunzira amakaphunzira ntchito ku kampani. Luso lamanja limakhwimira kuntchito, ndipo nthawi zambiri kampani yomwe inakulandirani pa atachimenti ndi yomwe imadzayamba kukuganizirani malo akapezeka. Funsani ngati sukulu imathandiza kupeza malo, kapena imangokupatsani kalata n'kukusiyani muzizungulira nokha ku Kanengo ndi ku Makata. Afunseni atchule makampani kumene ophunzira a chaka chatha anapita. Akayamba kuzungulirazungulira poyankha, mwamva kale yankho.

Chachisanu: werengetsani ndalama mpaka tsiku lomaliza

Fizi ya pa pepala loitanira ndi gawo chabe. Onjezerani ndalama yolembetsera, ya mayeso, malo ogona, chakudya, thiransipoti, ovolosi ndi nsapato zolimba, zipangizo zanuzanu monga tepi, sipanala kapena laputopu, mabando a intaneti, ndi ndalama yodyera pa nthawi ya atachimenti, popeza malo ambiri salipira ophunzira. Mukaphatikiza, chulukitsani ndi zaka zonse za kosiyo. Satifiketi ya chaka chimodzi yomalizidwa imaposa dipuloma yosiyidwa pa teremu yachitatu. Ubwino wake, maphunziro ambiri aluso ndi owerengera ndalama ali m'magawo: mukhoza kutenga gawo loyamba, kugwira ntchito, n'kudzabwerera.

Ophunzira osowa a m'mayunivesite ovomerezeka angathe kupempha ngongole ku Higher Education Students' Loans and Grants Board, yomwe inayamba mu 2015. Ndi ngongole ndithu, idzabwezedwa. Kwa ena onse, yesani ku ofesi ya zosamalira anthu ya kwa DC, ku mpingo, kapena kwa abwana anu ngati kosiyo ikukhudza ntchito yomwe mukugwira.

Chachisanu ndi chimodzi: ngati muli kale pa ntchito

Musathamangire kusiya ntchito. MZUNI ndi LUANAR zili ndi maphunziro a patali, omwe mumawerenga muli kwanu n'kumapita kusukulu nthawi zoikika. Aphunzitsi ambiri a ku pulayimale akwera kudzera njira yotereyi, ena kudzera ku koleji ya aphunzitsi ya Domasi. MUBAS ndi makoleji ena ali ndi makalasi a madzulo ndi a Loweruka. Mayunivesite amalengezanso malo a anthu akuluakulu omwe ali ndi dipuloma ndipo agwirapo ntchito zaka zingapo.

Kwa amisiri amene munaphunzira luso pa galaja ya amalume kapena pa shedi ya mipando ya ku Ndirande ndi Mchesi, simukuyenera kuyambira pa ziro. TEVETA ili ndi dongosolo lozindikira luso lomwe munthu analipeza kale kunja kwa kalasi: amakuyesani pa ntchito yomwe mumaidziwa n'kukupatsani pepala mukakhoza. Pepala limeneli ndi lomwe limasowa pamene mukufuna ntchito ku kampani kapena kupikisana nawo pa kontirakiti.

Makosi a pa intaneti monga a Coursera, edX ndi Alison ndi othandiza pa zinthu ngati Excel, kupanga mawebusayiti, kujambula pa kompyuta ndi kusanthula manambala. Ambiri mungawayambe ulere, ndalama n'kufunika pokhapokha mukafuna satifiketi. Ine ndimawaona ngati njira yabwino yolawira: musanalipire zaka ziwiri za makompyuta, yesani milungu itatu pa foni muone ngati mutu ukukoka. Koma satifiketi zake sizilowa m'malo mwa dipuloma pamene boma likulemba ntchito. Pa ntchito za pa kompyutazi wolemba amafuna kuona zomwe mwapanga, ndiye sungani ntchito iliyonse yomwe mwamaliza. Malo ngati mHub ku Lilongwe ndi Mzuzu E-Hub amakhala ndi maphunziro afupiafupi komanso anzanu oti muzifunsana nawo.

Chomaliza: kulembetsa ndi kulipira

Konzeranitu chiphaso cha unzika, satifiketi ya MSCE kapena kapepala ka zotsatira kochokera ku MANEB, zithunzi zazing'ono, ndi mafotokope otsimikizidwa ndi woyenera kutero. Onetsetsani kuti dzina lalembedwa mofanana pa mapepala onse. Kusiyana kwa chilembo chimodzi pakati pa chiphaso ndi satifiketi kwachedwetsapo anthu ambiri. Pa fomu ya NCHE musadzaze mapulogalamu olimbiranidwa okhaokha. Ikanipo ina yomwe mapointi anu angaikwanitse ndipo mungaikonde.

Ndalama lipirani ku akaunti ya banki yomwe ili m'dzina la sukulu, monga yalembedwera pa chidziwitso chenicheni. Wina akakuimbirani kuti mutumize pa Airtel Money kapena Mpamba ya munthu kuti "akusungireni malo", dulani foniyo. Malo a boma sagulitsidwa. Kapepala ka ku banki kajambuleni pa foni musanakapereke, lisiti iliyonse muisunge mu envulopu imodzi pamodzi ndi kalata yokulandirani, ndipo envulopuyo musaitaye kufikira satifiketi italowa m'manja mwanu.